Chiliza cha Amama Chinatsala pa Boda

Kwathu ku Hara munthu akafuna kundiputa sachita kutukwana. Amangofunsa mwaulemu kuti, "Kodi achimwene, katundu uja anafika?" Basi onse okhala pansi pa mtengo wa mango aphulika nako kuseka. Inenso ndimaseka nawo, nanga ndichita bwanji, koma mumtima mumakhala mukuwawa. Katundu amene amanenayo ndi mwala wa pamanda a amama, umene ndinautumiza ndili kunja.

Ndinapita ku Dubai nditatopa ndi kupirikitsa mbalame m'munda wa mpunga. Adada anali atamwalira kale. Tinatsala atatu: amama Nyagondwe, ine, ndi mlongo wanga wamkulu Lusungu, amene anakwatiwa ndi msodzi wa ku Sangilo. Ine ndimamutchula kuti adumbu, monga timachitira kwathu. Tsiku lonyamuka amama anandiperekeza mpaka pamsewu wa tala atasenza kathumba ka mpunga wa kilombero, ati kumene ndikupitako mwina kulibe chakudya cha anthu. Mpungawo sunakwere ndege. Pa sikelo anati katundu wanga walemera, ndipo ndinausiyira mayi wina wosesa pabwalo la ndege. Amama atandifunsa pafoni ndinawauza kuti unali wokoma kwambiri.

Ntchito ndinaipeza ku fakitale yocheka miyala. Tinkacheka miyala ya m'khitchini, ya masitepe, ya m'mabafa a anthu olemera amene sitinawaonepo ndi maso. Fumbi lake linali loyera ngati ufa, linkalowa m'mphuno, m'makutu, mpaka m'chakudya. Ine ndinkati kutentha ndikukudziwa poti ndine wa ku Karonga, koma kumeneko ndinavula chipewa. Tinkagona m'kampu, amuna ambirimbiri m'chipinda chimodzi, mabedi osanjikizana, nsapato zonse pakhomo zikununkha mitundu yosiyanasiyana. Mapasipoti athu anali m'kabati ya bwana.

Bedi la pamwamba panga linali la Kato, mnyamata wa ku Uganda wolongolola ngati wailesi. Tinkamvana m'Chiswahili changa cha pa Songwe, chothyokathyoka, ndipo iye ankachiseka tsiku ndi tsiku. Ndi Kato amene anandiphunzitsa kugwira galayinda osadzidula zala. Ndikadwala ankandibisa kuseri kwa milu ya miyala, n'kumauza kapitao kuti ndapita kukatenga madzi.

Ndili kumeneko amama anafa ziwalo mbali imodzi. Samatha kudzuka okha, samatha kudya okha, ngakhale kupita kuseri. Lusungu anasiya banja lake ku Sangilo n'kubwerera ku Hara kudzawasamala. Ankati abwerera amama akapeza bwino, koma sanapeze bwino, ndipo mlamu wanga uja sanachedwe kulowetsa mkazi wina m'nyumba. Ine ndinkatumiza ndalama mwezi ukatha, n'kumadziona kuti ndine mwana wokwana. Ndikaimba foni ndinkafunsa kuti, "Zafika?" Sindikumbuka kuti ndinafunsapo Lusungu ngati wagona tulo.

Amama atamwalira ndinapita kwa bwana kukapempha pasipoti. Anandisisita paphewa, n'kunena kuti pepani kwambiri, koma tili ndi masitepe a hotela ofunika kutha. Maliro a mayi anga ndinawaonera pafoni nthawi ya nkhomaliro, nditakhala pa chidebe kuseri kwa fakitale. Chithunzi chinkaduka n'kubweranso. Ndinamva nyimbo za amayi a chigwirizano, ndinaona Lusungu akugwiriridwa ndi anthu awiri, kenako belu linalira ndipo ndinabwerera kukacheka mwala.

Chinthu chimenechi chinkandidya. Mwana wamwamuna yekhayo osaponya ngakhale dothi m'manda a mayi ake! Ndiye adada aang'ono, mng'ono wa malemu bambo anga, ataimba foni kuti tiyambe kukonzekera chiliza, ine ndinaona kuti mpata wochotsa manyazi ndi umenewu.

"Adada, mangani pansi pokha," ndinawauza. "Mwala wa kumutu musaumbe wasimenti. Umenewo uchokera kuno, ndipo ndikuuzani, Karonga yense sanauonepo."

"Mwana wanga, kumeneko n'kutali," iwo anatero. "Wasimenti ndi umene tinaikira abambo ako, ndipo mpaka lero ulipo."

"Abambo anamwalira ine ndili wosauka," ndinayankha. Mawu amenewa ndinawanenadi, ndi pakamwa panga pomwe pano.

Mwalawo ndinaupanga ndekha masiku opuma. Unali wakuda bii, wotsala pa ntchito ya hotela ija, ndipo kapitao anandilola kuutenga. Ndinaucheka, ndinauzungulitsa kumutu, ndinaupukuta mpaka munthu n'kumadziona nkhope. Mdala wina wa ku Pakistan amene ankayendetsa makina olemba pamiyala anajambulapo nkhope ya amama kuchokera pa chithunzi cha m'foni, atavala duku lawo la ku tchalitchi. Anatuluka ndendende, mpaka kamseko kawo kam'mbali. Pansi pa nkhope tinalemba dzina lawo, mudzi wathu ndi vesi. Pansi penipeni ndinauza mdalayo kuti alembe zilembo zikuluzikulu zagolide: WAIKA MWALAWU NDI MWANA WAWO, kenako dzina langa lonse, kenako DUBAI.

Kato anaima n'kumaziyang'ana zilembozo, manja m'chiuno.

"Nanga mlongo wako uja amene ankawasamala, dzina lake lili pati?"

"Malo achepa," ndinatero.

Kato anayang'ana mwalawo, anayang'ana ine, kenako anachokapo. Malo analipo okwana mayina a mudzi wonse.

Otumiza katundu tinawapeza kuseri kwa msika, m'kasitolo kodzaza makatoni ndi migolo yabuluu. Mwini wake anali munthu wa pakamwa potsekemera, mafoni awiri m'manja. Anati katundu amakwera sitima mpaka ku Dar es Salaam, kuchoka apo pa lole, ndipo amakafika pakhomo penipeni, iwe n'kungotsegula chitseko. Ndinamufunsa mochenjera ngati amanyamula zinthu za kumanda. Anagwedeza mutu. Anati m'kontena imodzi mumalowa katundu wa anthu ambiri, ena atumiza madiresi a ukwati, ena zovala za makanda, ndipo madalaivala akamva za manda amakana kuyendetsa. Kenako analoza bokosi langa lamatabwa, lokhomedwa kale bwinobwino.

"Nanga umu muli chiyani, bwana?"

"Mwala wa patebulo," ndinayankha msangamsanga. Iye analemba zomwezo, ndinalipira, ndipo ndinatuluka ndikudzitama kuti ndine wochenjera. Wolandira ndinalembetsa Lusungu.

Kumudzi anaika tsiku la chiliza, mpunga ukatha kukololedwa. Anauza akulu a mpingo. Anatumiza uthenga kwa asibweni, alongo awo a amama, ku Lupembe. Ng'ombe inapezeka. Ine ndinali nditatumiza kale zithunzi za mwalawo kwa aliyense amene anali ndi foni, kungobisa kumunsi kokha poti ndinkafuna kuti dzina langa akalione tsiku lomwelo. Ndikaimbira wa katundu uja ankangoti, "Mzigo uko njiani, katundu ali m'njira, usadandaule." Ulendo wina ati sitima yaima padoko lina. Ulendo wina ati kontena yatsika koma lole yafa. Sabata yamawa yake sinkatha.

Tsiku la chiliza litayandikira, Lusungu analandira foni yoti apite pa boda ndi chitupa chake, katundu wagwidwa. Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva zidutswazidutswa, zina kwa iye, zambiri kwa anthu ena, poti pa boda sipasowa munthu wa kwanu. A kasitomu anatsitsa katundu yense wa m'lolemo n'kumatsegula mmodzimmodzi. Atafika pa bokosi langa anakanula matabwa ndi chitsulo, akuyembekeza tebulo, ndipo amene anawayang'ana anali amama Nyagondwe ndi duku lawo. Anthu anabwerera m'mbuyo. Dalaivala anagwira m'mutu n'kumakuwa m'Chiswahili kuti wanyamula manda kuchokera ku Dar osadziwa, n'chifukwa chake matayala amangophulika m'njira. Mayi wina amene diresi la mwana wake linali litatsamira bokosilo anayamba kulira.

Wa kasitomuyo akuti anavula chipewa kaye, kenako n'kuuza Lusungu mofatsa kuti, "Mayi, pepani ndithu. Koma apa analemba tebulo, ndipo ili si tebulo. Katunduyu sachoka mpaka mulipire msonkho ndi chindapusa cha bodzali."

Za msonkho ine sindinkazidziwa n'komwe. Ndinkayesa kuti pakhomo penipeni ndiye kuti zonse zatha. Nditamuimbira wa pakamwa potsekemera uja anati iye ananyamula tebulo, za manda sakuzidziwa, ndipo ndamuyambanitsa ndi dalaivala wake. Kuyambira tsiku limenelo mafoni ake onse awiri sankandiyankhanso.

Madzulo ake Lusungu anandiimbira, mawu ake ali ozizira.

"Ndawaona amama," anatero. "Ndaonanso dzina lako. Likuwala bwino."

"Yewo, adumbu," ndinathokoza mokondwa. Ndinkayesa akundiyamikira. Ndikakumbukira yewo ameneyo, mpaka lero ndimafuna kulowa pansi.

Ngakhale zinali choncho, Lusungu anabwererako pa boda kangapo. Ankasiya mpunga pamkeka, nkhuku zikudya, n'kukwera minibasi ulendo wonse uja. Kumeneko anyamata odzitcha maajenti ankamuzungulira, uyu ati bweretsani chakuti, uyu ati bwana wake wachoka mubwere mawa. Tsiku lililonse limene mwalawo unkagona m'shedi, zolipira zinkakwera. Ine kuno malipiro anali atachedwa, ndipo zimene ndinakwanitsa kutumiza zinathera m'manja mwa ajenti wina amene sanaonekenso.

Tsiku la chiliza silikanasinthika. Ng'ombe inali itaphedwa, asibweni atafika kale ndi akazi awo. Anthu anaimba kuchoka kunyumba mpaka kumanda, n'kupeza pansi pomangidwa bwino, kumutu kuli kabowo kodikira mwala. Panalibe choti avundukule. Abusa anapemphera mwachidule. Asibweni aakulu, munthu wosadziwa kunong'ona, anafunsa adada aang'ono pamaso pa anthu onse kuti, "Kodi mwatiitanira kudzaona dzenje? Mlongo wathu tinakupatsani wamoyo, inu mwalephera ngakhale kumulembera dzina?" Amene anaimirira pamenepo n'kumva mawu amenewo anali Lusungu. Ine ndinali kutali, foni nditazimitsa.

Patangopita masiku ochepa Lusungu anaitana mmisiri wokonza ngalande za pa sikimu ya mpunga. Anaumba mwala wasimenti, ndipo dzina la amama analilemba yekha Lusungu ndi msomali simenti isanaume. Pa boda sanapitekonso. Mafoni anga ankayankha mwa apo ndi apo, mawu awiri basi.

Kontrakiti yanga itatha ndinasaina ina. Anzanga ndinkawauza kuti ndikufuna kumanga nyumba kaye, koma zoona zake n'zakuti ndinkaopa kutsika minibasi pa Hara. Kato anabwerera kwawo, pabedi lake panabwera munthu wosalankhula. Chimene chinandibweza ine ndi chifuwa. Fumbi lija linandikhala m'mapapo, ndinayamba kutsokomola osaleka, ndipo bwana yemwe uja anatulutsa pasipoti yanga m'kabati mosavuta konse.

Ndinapeza adada aang'ono akuyenda ndi ndodo. Ana amene ndinawasiya akukwawa anali kusukulu. Lusungu anali atawonda, akulima yekha munda wa amama ndi kugulitsa mpunga m'mbali mwa msewu. Anandilandira bwino kwambiri, ndipo ndi zimene zinandipweteka. Anagwada patali, anandipatsa moni wa mlendo, anandiphera nkhuku, n'kumauza ana kuti, "Apatseni madzi bambo a ku Dubaiwa." Dzina langa sanalitchule. M'mawa mwake ndinapita kumanda ndi adada aang'ono. Zilembo za msomali zija zinali zokhota, china chachikulu china chaching'ono, koma pamandapo panali posesedwa, popanda ndi udzu umodzi womwe.

Adada aang'ono ndi amene anandiuza, tikubwerera.

"Mwala wako uja uli pa boma. Katundu wosatengedwa anamugulitsa pa okushoni. Uli m'sitolo ya Che Amidu, Myao wa ku Mangochi wogulitsa matailosi ndi penti. Mudzi wonse ukudziwa."

"Adumbu akudziwanso?"

"Iye ndiye anayamba kudziwa."

Ndinapita ndili ndi mantha kuti ndikapeza amama atasanduka sitepe ya pakhomo, kapena poikapo zitini za penti. Che Amidu anali bambo wamfupi wa ndevu zoyera. Nditadzifotokoza anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako ananditengera kuchipinda cha kumbuyo. Mwalawo unali utaimikidwa pa matabwa kuti usakhudze pansi, utafundidwa nsalu yoyera.

"Ine ndinagula mulu wa matailosi, ichi chinabwera momwemo," anatero. "Ndinatuma uthenga kumudzi kwanu. Anabwera mayi wina, anakhala apa, analira, n'kupita. Anati mwini wake adzatenga yekha, dzina lake lilipo." Analoza zilembo zagolide zija ndi chala. "Ndinu amenewa?"

"Ndine."

"Mwachedwatu, bambo."

Ndinafunsa kuti ndipereke chiyani. Anakwiya ngati ndamutukwana. "Ine ndimagulitsa penti, sindigulitsa mayi wa munthu. Nyamulani, mukawaike pamalo pawo."

Panja ndinapeza kalole kopita ku Chilumba ndi matumba a fetereza. Ulendo uno ndinamuuza dalaivala chilungamo, kuti ndi mwala wa pamanda. Anangoti, "Ikani kumbuyoko, bola musandiboolere matumba." Nkhani yonse inathera pomwepo. Ndinakhala pamwamba pa fetereza nditaugwirira mwalawo njira yonse, ndikuganiza za tebulo langa lija.

Chinthu chotere sichilowa pabwalo la nyumba, choncho tinakautsitsa m'mphepete mwa manda. Ndinafunsa adada aang'ono ngati tingauike. Iwo anati, "Ine usandifunse. Amene anamanga manda awa ndi mlongo wako."

Lusungu anabwera dzuwa litapendeka, akuchokera kumunda, matope ali m'miyendo. Anagwada patsogolo pa mwalawo, anamasula nsonga ya chitenje, n'kupukuta fumbi la fetereza pankhope ya amama pang'onopang'ono, monga mmene ankawapukutira ali moyo. Anapukuta dzina lawo, anapukuta vesi. Atafika pa zilembo zagolide anaima, anamanganso chitenje chake, n'kukhala pansi.

M'mawa mwake ndinakabwereka galayinda ndi kajenereta kwa wowotcherera zitsulo pa msika. Ntchito imeneyi ndiye ndimaidziwa. Ndinayamba ndi DUBAI, kenako dzina langa, kenako mawu ena aja, fumbi likundikwera kumaso, chifuwa chikundivuta. Lusungu anabwera atamva phokoso, anaima chapatali. Nditamaliza panatsala chigamba chotuwa, poti zopukutira kuti pawalenso ndinalibe.

"Adumbu," ndinatero, "malo alipo apa. Ndipeze munthu alembepo dzina lanu?"

"Usalembepo kanthu," anayankha. "Amama ankamudziwa amene ankawasambitsa."

Kenako anandiitana ndi dzina langa, dzina la paubwana, n'kundiuza kuti ndigwire mbali inayo. Tinauimika kumbuyo kwa wasimenti uja, osachotsa wakewo, moti ukafika kumandako umayamba kuwerenga zilembo za msomali, nkhope ya amama ikusuzumira pamwamba pake. Panalibe ng'ombe, panalibe nyimbo. Tinali ine, iye, adada aang'ono ndi mmisiri wa ngalande uja.

Anthu obwera kumaliro ena amapatuka kudzauona mwalawo, poti ndi wokongoladi. Ena amasuzumira kumunsi n'kufunsa kuti pachigamba chotuwacho panali chiyani. Lusungu sandipatsa mpata woyankha. Amangoti, "Unakandika pa ulendo, unachokera kutali," n'kupitiriza kuzula udzu. Ine ndimayang'ana pansi.